Kapangidwe ka pulogalamu ya pafoni youza munthu zimene angaphike ndi zinthu zomwe ali nazo m'nyumba

Munthu amene amatsegula pulogalamu ya mtundu umenewu nthawi zambiri amakhala ataimirira m'khitchini, dzuwa litapendeka, njala itayamba kuluma, ndipo funso lake limakhala limodzi lokha: kodi ndi zinthu zimene ndili nazozi ndingaphike chiyani popanda kutuluka kukagula china? Aliyense wofuna kupanga pulogalamu yotere ayenera kumukumbukira munthu ameneyu kuyambira tsiku loyamba, chifukwa n'zosavuta kuthera miyezi pokongoletsa masikirini ndi kuphunzitsa kamera kuzindikira zakudya, kenaka n'kudzapeza kuti pulogalamuyo siidziwa kuti dzira ndi mazira ndi chinthu chimodzi. Mtima wa ntchito yonseyi uli pa zinthu ziwiri zimene wogwiritsa ntchito saziona ndi maso, zomwe ndi mndandanda wa mayina a zophikira wokonzedwa mosamala, ndiponso njira yowerengera zimene zikusowa. Ndi pa ziwirizi pamene tikhalitsepo. Ndondomeko ya kaphikidwe ka chakudya chimodzi tiziitchula kuti resipi, monga momwe ambiri amanenera.

Yambani ndi mapepala, osati kompyuta

Musanalembe ngakhale mzere umodzi wa code, omwe ndi malangizo olembedwa ouza kompyuta zochita, lembani maresipi 20, iliyonse pa kapepala kake, kenaka funsani anthu asanu, aliyense payekha, kuti akuuzeni zimene ali nazo m'khitchini. Inuyo mukhale pulogalamuyo: sankhani ndi manja mapepala atatu amene mukuona kuti akumuyenera munthuyo, ndipo muone nkhope yake pamene akuwerenga. Ntchito imeneyi ndi ya madzulo amodzi, koma idzakuphunzitsani zinthu zimene simukanaziganizira muli pa desiki. Pafupifupi palibe amene adzatchule mchere, madzi kapena mafuta ophikira, ngakhale kuti ali nazo. Wina adzangoti "nyama" osanena kuti ndi ya chiyani. Wina adzayamba kutchula chinthu chimene chatsala pang'ono kuwonongeka, chifukwa n'chimene chikumudetsa nkhawa, ndipo resipi yosachigwiritsa ntchito adzaiyang'ana mwaulesi ngakhale itakhala yokoma bwanji.

Kuchokera pamenepa mudzaona kuti pulogalamu yoyamba imangofunika masikirini atatu: polembera zimene munthu ali nazo, poonetsera maresipi amene apezeka, ndi powerengera resipi imodzi. Maakaunti, ndemanga za anthu ndi kugawana zithunzi zingathe kudikira.

Kumene maresipi angachokere

Njira yoyamba ndi kulemba nokha kapena kugwirizana ndi anthu odziwa kuphika amene angakulembereni ndi kukupatsani chilolezo cholembedwa. Yachiwiri ndi kugwiritsa ntchito API, njira imene pulogalamu yanu imafunsira deta kwa ena kudzera pa intaneti, ya makampani amene anasonkhanitsa kale maresipi, monga Spoonacular, Edamam kapena TheMealDB. Ya Spoonacular ili nayo kale njira yofufuzira maresipi potengera zophikira, choncho ndi yabwino poyeserera ngati ganizo lanu lili ndi mutu. Koma werengani malamulo awo musanamange nyumba pa maziko a eni, chifukwa ena amaletsa kusunga maresipi awo kwa nthawi yaitali, kutanthauza kuti pulogalamu yanu singagwire ntchito popanda intaneti, komanso amaika malire pa kuchuluka kwa mafunso amene mungatumize pa tsiku.

Njira yachitatu, yotenga maresipi pa masamba a pa intaneti a anthu ena, imakopa anthu ambiri. Masamba ochuluka a pa intaneti amalemba maresipi awo motsatira schema.org, ndondomeko imene Google, Microsoft ndi Yahoo anayambitsa mu 2011, ndipo mmenemo zophikira zimalembedwa pansi pa dzina lakuti recipeIngredient, pamene malangizo amakhala pansi pa recipeInstructions. Izi zimachititsa kuti makina awerenge masambawo mosavuta, koma kuwerengeka mosavuta si chilolezo. Ku United States, mwachitsanzo, mndandanda wa zophikira pawokha sutetezedwa ndi lamulo la umwini wa zolemba, koma zithunzi ndi mawu ofotokoza amene wolemba anawalemba mwa luso lake zimatetezedwa, ndipo malamulo amenewa amasiyana dziko ndi dziko.

Maganizo anga ndi akuti maresipi 200 kapena 300 amene mwawawerenga nokha, ndipo ambiri mwa iwo munthu wina anawaphikadi, amaposa maresipi 100,000 amene simukudziwa zimene zili mkati mwake. Wogwiritsa ntchito amangoona maresipi khumi oyambirira. Ngati atatu mwa iwo ali olakwika, sadzafika pa ena onsewo.

Mndandanda wa mayina

Resipi imalembedwera munthu, osati makina. Mzere wakuti "makapu 2 a ufa wa tirigu wosefa" uli ndi zinthu zinayi zimene ziyenera kulekanitsidwa: kuchuluka, komwe ndi 2, muyezo, womwe ndi kapu, chinthu chenichenicho, chomwe ndi ufa wa tirigu, ndi kakonzedwe, komwe ndi kusefa. Pofananitsa ndi zimene munthu ali nazo, chachitatucho chokha n'chimene chimafunika, ndipo chiyenera kukhala ndi nambala yake imodzi yosasintha m'nkhokwe yanu, momwe pulogalamu imasungira deta yake. Mayina onse amene anthu amachitchulira aziloza ku nambala imeneyo. Tomato, matimati ndi phwetekere ndi mayina atatu a chinthu chimodzi, ndipo ngati maresipi anu ena achokera m'Chingelezi mudzapezanso kuti aubergine ndi eggplant, kapena coriander ndi cilantro, amafunika kumangidwa pamodzi chimodzimodzi.

Anthu ambiri amayesa kuthawa ntchito yolemba mayina ameneyi pouza makina kuti azingofananitsa zilembo, ndipo apa ndi pamene mavuto amayambira. Mukauza pulogalamu kuti ifufuze mawu akuti "mkaka" paliponse pamene akupezeka, idzamuuza munthu amene ali ndi mkaka wa ng'ombe kuti angaphike chakudya chofuna mkaka wa kokonati. Mawu akuti "tsabola" adzasakaniza tsabola wowawa, tsabola wakuda wopera ndi tsabola wobiriwira wosawawa uja, zinthu zitatu zimene sizilowa m'malo mwa chinzake mumphika. Zida zodula mawu kuti atsale tsinde, monga njira imene Martin Porter anafalitsa mu 1980, zinapangidwira Chingelezi, chimene chimasintha mawu kumapeto posonyeza kuchuluka, choncho sizingadziwe kuti dzira limasanduka mazira ndiponso tsamba limasanduka masamba, popeza kusinthako kuli koyambirira kwa mawu.

Palinso njira yokhululukira kulakwitsa kalembedwe, imene Vladimir Levenshtein anafotokoza mu 1965. Imawerenga kuti pakufunika kusintha, kuwonjezera kapena kuchotsa zilembo zingati kuti mawu ena asanduke anzake. Ndi yothandiza kwambiri pamene munthu walemba "mchele" m'malo mwa "mchere", chifukwa kusiyana kwake ndi chilembo chimodzi chokha. Koma mukailekerera kuti izivomereza kusiyana kwa zilembo ziwiri, mudzadabwa kuona kuti mkaka ndi nkhaka zakhala chinthu chimodzi, ndiponso nyemba zasanduka nyama, popeza mawu amenewa amasiyana ndi masitepe awiri okha. Choncho njira imeneyi muziigwiritsa ntchito pofunsa munthu kuti "kodi mumatanthauza ichi?", osati posankha m'malo mwake mwakachetechete.

Kuwonjezera pa mayina ofanana, mndandanda wanu uyenera kudziwa ubale wa zinthu, ndipo ubale umenewu umayenda njira imodzi. Resipi ikafuna nyama yofiira ya mtundu uliwonse, munthu amene ali ndi nyama ya ng'ombe wakwanitsa; koma resipi ikafuna ya ng'ombe, munthu amene wangolemba kuti "nyama" ayenera kufunsidwa kaye. Amene ali ndi ndimu ali nawonso madzi a ndimu, koma amene ali ndi madzi a ndimu a m'botolo alibe khungu la ndimu limene makeke ena amafuna. Zolowa m'malo nazonso zili ndi malire: mafuta ophikira angalowe m'malo mwa batala pokazinga anyezi, koma si m'makeke onse. Choncho pa cholowa m'malo chilichonse lembani kuti chimagwira ntchito pa kaphikidwe ka mtundu wanji.

Ntchito imeneyi ndi yotopetsa, ndipo palibe njira yachidule yoidumphira. Chimene chingakuchepetsereni katundu ndi nkhokwe zaulere zimene zilipo kale. FoodData Central ya unduna wa zaulimi wa ku United States, imene inatsegulidwa mu 2019, ili ndi mayina a zakudya pamodzi ndi michere yopezeka mkati mwake, ndipo Open Food Facts, imene inayambira ku France mu 2012, ili ndi zakudya za m'mapaketi pamodzi ndi manambala a barcode. Zitengeni ngati poyambira, koma mndandanda womaliza muudulire nokha, chifukwa nkhokwe zimenezi zimasiyanitsa zinthu mwatsatanetsatane kuposa mmene wophika wamba amaganizira.

Za miyezo tingonenapo mwachidule. Kapu ya ku United States ndi pafupifupi mamililita 237, pamene m'mayiko ena kapu ndi mamililita 250, ndipo supuni yaikulu ya ku Australia ndi mamililita 20 pomwe kwina konse imakhala pafupifupi 15. Kapu ya shuga imalemera pafupifupi magalamu 200, koma kapu yomweyo ya ufa wa tirigu siipitirira kwenikweni magalamu 130. Sungani zonse m'magalamu ndi m'mamililita, n'kumazisintha poonetsa basi.

Matebulo a m'nkhokwe

Zonsezi zimakwana m'matebulo ochepa. Loyamba ndi la zinthu, mmene muli nambala ya chinthu chilichonse, dzina lake lalikulu, nambala ya gulu limene chilimo, ndi zizindikiro za ziwengo. Lachiwiri ndi la mayina ena, lililonse likuloza ku nambala ya chinthu. Lachitatu ndi la maresipi, mmene muli mutu, malangizo, nthawi yophikira ndi zipangizo zofunika monga uvuni. Lachinayi, limene ndi lofunika kuposa onse, limalumikiza resipi ndi zinthu zake, mzere umodzi pa chinthu chilichonse, ndipo pamzere pomwepo mulembe udindo wa chinthucho m'chakudyacho: kaya ndi chachikulu, chothandizira kapena chongokometsera. Lomaliza ndi la zimene wogwiritsa ntchito ali nazo. Pa tebulo lachinayilo ikani index, kalozera wofulumizitsa kufufuza, pa nambala ya chinthu, kuti pulogalamu izitha kufunsa mwamsanga kuti ndi maresipi ati amene muli mazira popanda kuwerenga resipi iliyonse.

Kuwerengera zimene zikusowa

Wophunzira amene wawerengako za kufananitsa magulu a zinthu amathamangira muyezo wa Paul Jaccard, katswiri wa zomera wa ku Switzerland amene anaugwiritsa ntchito kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 poyerekezera zomera za m'madera osiyana. Muyezowu umatenga chiwerengero cha zinthu zopezeka mbali zonse ziwiri n'kuchigawa ndi chiwerengero cha zinthu zonse pamodzi. Tiyeni tiuyese. Munthu ali ndi zinthu 12 m'khitchini. Resipi yoyamba ndi ya mazira okazinga ndi anyezi ndi tomato, imafuna zinthu 3, ndipo zonsezo ali nazo; muyezo wake ndi 3 kugawa ndi 12, zomwe ndi 0.25. Resipi yachiwiri imafuna zinthu 10, ndipo munthuyo ali ndi 7 mwa izo. Zinthu zonse pamodzi ndi 15, choncho muyezo ndi 7 kugawa ndi 15, pafupifupi 0.47. Pulogalamu idzaika pamwamba chakudya chimene munthuyo sangathe kuphika usiku umenewo, n'kukankhira pansi chimene akanayamba kuphika nthawi yomweyo. Cholakwika n'chakuti muyezowu umamulanga munthu chifukwa chokhala ndi zinthu zimene resipi siifuna, chikhalirecho palibe amene amafuna kuthira khitchini yonse mumphika umodzi.

Funso loyenera ndi lakuti pa zinthu zimene resipi ikufuna, ndi zingati zimene zikusowa, ndipo n'zofunika bwanji. Sanjani motere. Poyamba chotsani maresipi onse amene akusowa chinthu chachikulu, chifukwa mpunga wokazinga wopanda mpunga si chakudya chosowa chinthu chimodzi, ndi chakudya chosatheka. Otsalawo agaweni m'magulu awiri ooneka bwino pa sikirini, la amene angaphikidwe pompano ndi la amene akusowa chinthu chimodzi kapena ziwiri, ndipo zosowazo zilembedwe poyera pansi pa mutu wa resipi. Zongokometsera zisawerengedwe ngati zosowa, koma zitchulidwe. Mchere, madzi ndi mafuta ophikira muziyese kuti munthu ali nazo pokhapokha atanena yekha kuti alibe.

Mkati mwa gulu lililonse mungasanje potengera kulemera kwa zinthu zimene zafanana. Apa ganizo la Karen Spärck Jones, amene mu 1972 anasonyeza kuti mawu osapezeka kawirikawiri amanena zambiri za nkhani kuposa mawu opezeka paliponse, limagwira ntchito bwino. Anyezi amapezeka m'maresipi ochuluka kwambiri, choncho kufanana pa anyezi sikunena zambiri. Koma munthu amene walemba kuti ali ndi bowa mwina watsegula pulogalamuyo chifukwa cha bowa yemweyo, ndipo maresipi a bowa ayenera kukwera. Kwezaninso maresipi ogwiritsa ntchito zinthu zosachedwa kuwonongeka, monga masamba, nsomba yaiwisi ndi mkaka.

Pali msampha umodzi umene ine ndinagweramo, ndipo unandidyera masiku awiri. Ndinalemba funso m'chilankhulo chofunsira nkhokwe cha SQL, losankha mizere ya zinthu zimene munthu alibe, kenaka n'kuiwerenga pa resipi iliyonse ndi kusanja kuyambira zosowa zochepa. Zotsatira zinkaoneka zomveka, koma resipi ya mazira, anyezi ndi tomato ija sinkatuluka ngakhale zonse zitatu ndinali nditazilemba. Chifukwa chake n'chakuti resipi imene siisowa kanthu ilibe mzere uliwonse wa chinthu chosowa, choncho inkazimiririka kuwerenga kusanayambe, ndipo maresipi abwino kwambiri ndi amene ankatayika. Njira yolondola ndi kusunga mizere yonse n'kupereka 0 pa chinthu chimene chilipo ndi 1 pa chosowa. M'funso ili, zofunika ndi tebulo lachinayi lija ndipo zilipo ndi la zimene munthu ali nazo:

SELECT resipi, SUM(CASE WHEN chinthu IN (SELECT chinthu FROM zilipo) THEN 0 ELSE 1 END) AS zosowa FROM zofunika WHERE udindo <> 'chokometsera' GROUP BY resipi ORDER BY zosowa;

Funso limeneli ndi chiyambi chabe, popeza silinaganizire magulu a zinthu ndi zolowa m'malo. Njira yosavuta yowonjezerera zimenezo ndi kukulitsa kaye mndandanda wa zimene munthu ali nazo musanafunse, kuti amene walemba ndimu aoneke kuti ali ndi madzi a ndimu, ndipo amene walemba nyama ya ng'ombe aoneke kuti ali ndi nyama yofiira.

Kulowetsa zimene zili m'khitchini

Munthu wanjala sapirira kulemba. Akangolemba zilembo ziwiri kapena zitatu, pulogalamu imuonetse mayina ochokera m'mndandanda wanu kuti angodina, ndipo mwa njira imeneyi zolakwika zambiri za kalembedwe sizibadwa n'komwe. Pansi pa malo olemberawo ikani mabatani a zinthu zimene iye amasankha kawirikawiri. Maresipi ayambe kuoneka atangolowetsa zinthu ziwiri, osadikira kuti amalize.

Musamufunse kuchuluka kwa chinthu chilichonse. Zimaoneka zanzeru kudziwa kuti ali ndi magalamu angati a mpunga, koma palibe amene angapitirize kukonza manambala amenewo tsiku ndi tsiku, ndipo pakatha sabata imodzi nkhokweyo imakhala ikunama. N'kokwanira kudziwa kuti chinthu chilipo, n'kumupatsa mwayi wosonyeza kuti chatsala pang'ono kutha kapena kuwonongeka. Akamaliza kuphika, mufunseni funso limodzi lokha, lakuti ndi ziti mwa zimene wagwiritsa ntchito zomwe zatheratu.

Kamera ibwere pambuyo. Kuwerenga barcode n'kosavuta masiku ano, chifukwa zida monga ML Kit ya Google zimachita zimenezi pafoni pomwepo, ndipo nambala yopezekayo mungaifunse ku Open Food Facts. Koma zinthu zosapakidwa monga anyezi ndi masamba zilibe barcode. Kujambula mkati mwa firiji kuti makina azindikire zonse kumasangalatsa poonetsa anthu, koma m'moyo weniweni zinthu zimabisana, zina zili m'mapoto ovundikira, zina m'mapepala osalembedwa kanthu. Mukaiika njira imeneyi, zimene kamera yaona zizikhala zongoganizira zoti munthu avomereze kapena akane.

Ziwengo ndi chitetezo

Apa kulakwitsa kungathe kumugoneka munthu m'chipatala. Lamulo la European Union nambala 1169 la mu 2011 limatchula magulu 14 a zakudya zoyambitsa ziwengo amene ayenera kulengezedwa, kuphatikizapo tirigu ndi mbewu zina zokhala ndi gluten, mazira, mkaka, nsomba, mtedza, soya ndi chitowe. Ku United States magulu otere ndi 9, ndipo chitowe chinawonjezeredwa pa 1 January 2023. Mndandanda wa 14 uja ndi poyambira pabwino. Zizindikirozi muziike pa chinthu chilichonse, osati pa resipi, kuti resipi izitengera zokha zizindikiro za zinthu zake zonse. Samalani kwambiri ndi zinthu zopangidwa kuchokera ku zina: mayonesi muli mazira, sosi wa soya kawirikawiri muli tirigu, ndipo sosi wa Worcestershire nthawi zambiri muli nsomba. Sefa ya ziwengo igwire ntchito kusanja kusanayambe, ndipo zolowa m'malo zidutsenso pa sefa yomweyo, chifukwa palibe phindu kubisa resipi ya mtedza kenaka n'kumulangiza munthu yemweyo kuti athire mafuta a mtedza m'malo mwa batala. Chinthu chimene simunachiike zizindikiro chiziyesedwa chosadziwika, osati chotetezeka.

Mapulogalamu a nzeru zamakina olemba nkhani amatha kupeka resipi kuchokera ku mndandanda uliwonse umene mwawapatsa, ndipo ndi pomwe pali ngozi. Mu 2023 kampani ina ya masitolo ku New Zealand inatulutsa chida chotere chothandiza anthu kugwiritsa ntchito zotsala, ndipo anthu atalowetsamo mankhwala otsukira m'nyumba, chidacho chinapereka resipi ya chakumwa chimene chikanatulutsa mpweya wapoizoni wa chlorine. Mndandanda wa mayina umakutetezani pa vuto limeneli, popeza chinthu chimene mulibe m'mndandanda sichingalowe n'komwe. Nzeru zamakina zigwiritseni ntchito kuseri, pogawa mizere ya maresipi m'zigawo zinayi zija ndi poganizira mayina ena a zinthu, koma munthu aziona zotsatira zisanalowe m'nkhokwe. Malangizo okhudza chitetezo, monga akuti nyama ya nkhuku ipse mpaka mkati mwake mufike madigiri 74 a Celsius, muwalembe nokha kamodzi n'kuwamangirira ku chinthucho.

Dziwaninso kuti zimene munthu sadya zingaulule matenda ake kapena chipembedzo chake. Njira yosavuta yosungira chinsinsi chimenechi ndi kuchisiya pafoni yake osachitumiza ku seva, kompyuta yanu ya pa intaneti imene pulogalamu imalumikizana nayo.

Zida zomangira

Gawo limeneli ndi limene anthu amakanganapo kwambiri, koma kwa pulogalamu ya masikirini atatu si lovuta. Ngati mukufuna code imodzi yogwira pa Android ndi pa iPhone, pali Flutter ya Google, imene inatuluka mokwanira mu December 2018 ndipo imalembedwa m'chilankhulo cha Dart, komanso React Native imene Facebook inatulutsa mu 2015, yoyenera amene amadziwa kale JavaScript. Ngati mukufuna mbali imodzi yokha, chilankhulo cha Kotlin ndi cha Android ndipo cha Swift ndi cha mafoni a Apple. Sankhani chimene mumachidziwa kale.

Chosankha chachikulu ndi chakuti kuwerengera kuzichitikira pafoni kapena pa seva, ndipo ine ndimalangiza pafoni. SQLite, nkhokwe yaing'ono imene D. Richard Hipp anayambitsa mu 2000, imapezeka kale m'mafoni a Android ndi a Apple, ndipo funso ngati lija pa maresipi masauzande ochepa imaliyankha munthu asanaphethire. Mawu a maresipi satenga malo ambiri. Zimene zimalemera ndi zithunzi, choncho zichepetseni, zisungeni monga WebP, mtundu wa fayilo ya zithunzi wosatenga malo ambiri, ndipo zazikulu zizitsitsidwa pokhapokha munthu watsegula resipiyo. Seva ingokhala yotumizira maresipi atsopano ndi zokonza za m'mndandanda, ndipo nkhokwe iliyonse ikhale ndi nambala yosonyeza kuti ndi yachingati, kuti foni izingotenga zimene zasintha. Nambala ya chinthu musadzaisinthe kapena kuipereka kwa chinthu china, apo ayi munthu amene anasunga kuti ali ndi adyo adzadzuka m'mawa ali ndi uchi.

Sikirini yowerengera resipi muipange mukukumbukira kuti manja a wophika ali ndi mafuta, ndipo foni yatsamira botolo patali pang'ono ndi moto. Zilembo zikhale zazikulu, sitepe iliyonse ikhale payokha pamodzi ndi kuchuluka kwa zinthu zofunika pa sitepeyo, ndipo sikirini isazime yokha pamene resipi ili yotsegula.

Kuyesa ndi kutulutsa

Konzani makhitchini ongoyerekezera okwana 30, iliyonse ndi mndandanda wa zinthu zake ndi maresipi amene muyenera kuwaona pamwamba, ndiponso amene sayenera kuoneka n'komwe. Ikanimo khitchini ya zinthu ziwiri zokha, ya zinthu 60, ya munthu wosadya mazira ndi tirigu, ndi ya munthu amene walemba mayina molakwika. Nthawi iliyonse mukasintha kawerengedwe kapena mndandanda, yendetsani mayeso onsewa, chifukwa kukweza kulemera kwa chinthu chimodzi kungagwetse zotsatira za kwina kumene simukuyang'anako. Kenaka perekani foni kwa anthu asanu aja, muwaone akuphikadi, ndipo musawathandize akasokonezeka, koma mulembe pamene asokonezekerapo.

Potulutsa, Google Play, sitolo ya mapulogalamu a Android, imafuna kulipira kamodzi polembetsa, pamene Apple imafuna kulipira chaka ndi chaka, ndipo pomanga pulogalamu ya iPhone pamafunika Xcode, pulogalamu ya Apple yomangira mapulogalamu, imene imayenda pa kompyuta za Mac. Maakaunti atsopano a munthu payekha pa Google Play amafunikanso kuyesetsa pulogalamuyo kwa gulu la anthu kwa masiku 14 motsatizana asanaloledwe kuitulutsa kwa onse, choncho masiku amenewo muwawerengere pa ndondomeko yanu. Mbali zonse ziwiri zidzakufunsani kuti mufotokoze deta imene mumatenga.

Deta imodzi imene ndi yoyenera kuipempha, munthu atavomera ndiponso popanda dzina lake, ndi mawu amene anthu alemba koma sanapezeke m'mndandanda. Kamodzi pa sabata sanjani mawu amenewa kuyambira obwera kawirikawiri, n'kuwagawa patatu. Ena ndi mayina atsopano a zinthu zimene muli nazo kale, ndipo amangofunika mzere umodzi m'tebulo la mayina ena. Ena ndi zinthu zatsopano zenizeni, zimene zimafunika nambala, gulu, zizindikiro za ziwengo, ndiponso maresipi awiri kapena atatu ozigwiritsa ntchito, chifukwa chinthu chopezeka m'mndandanda koma chopanda resipi chimakhumudwitsa mofanana ndi chosapezeka. Otsalawo ndi zinthu zosadyedwa, monga sopo ndi mankhwala otsukira, zimene anthu amalemba poyesa pulogalamu kapena mwangozi, ndipo zimenezi ziikeni pa mndandanda wapadera wa zokanidwa kuti pulogalamu iziyankha momveka kuti chimenecho si chakudya.